Mitu Fifite ya Pachipilala

Munthu akangonditchulira agogo anga a Zuze, ine m'mphuno mwanga mumabwera fungo la laimu wonyowa, losakanikirana ndi utsi wa nsomba za makakana zimene agogo aakazi ankawamba kuseri kwa nyumba, ndipo m'makutu mumayamba kumveka kaburashi kothothoka kakukwecha simenti, kwee, kwee, kwee, nkhuku zikungotsika kumene mumtengo, dzuwa la ku Nsanje lisanayambe kuluma. Anzanga agogo awo ankaweta ng'ombe, ena ankasoka maukonde. Anga ine ankasamalira malire a dziko. Palibe anawatuma. Ndibwerezenso kuti mumve bwino: palibe anawatuma.

Ndifotokoze kaye za kwathu, chifukwa mukapafuna pa mapu a pafoni simupapeza. Ine ndayesapo, kukulitsa ndi zala mpaka sikirini kuchita mafuta, kumangooneka tchire ndi kamzere basi. Mudzi wathu ndi Pachipilala, kumunsi kwenikweni, kupitirira Marka, kumene Malawi amathera ngati mchira wa mbuzi. Nthawi imeneyo nyumba zinalipo naini. Naini! Ukayetsemula pakhomo la nyumba yoyamba, wa nyumba yomaliza ankakufunsa ngati wamwa mankhwala. Kum'mawa kuli dambo, ulendo wa ola lathunthu wapansi, kumene kuli madzi ndi ng'ona zake. Kumadzulo mapiri. Kumpoto kanjira kopita ku Marka. Ndiye kumwera, pafupi pomwepo ndi khola la mbuzi la agogo, pali chipilala cha simenti chofika m'chiuno, ndipo kuseri kwake ndi Mozambique. Masiku ano ukangopita kukataya zinyalala kudzala, foni imalira kuti takulandirani m'dziko lathu, bandulo n'kuthera pomwepo.

Agogo a Zuze ali mnyamata, kunabwera anthu oyeza malo kudzakonza chipilala chimenecho, ndiye anawapatsa ganyu yogwira ndodo ija ya mizeremizere. Masiku atatu okha. Koma masiku atatuwo anawakwanira moyo wonse. Kuyambira pamenepo chipilala chinakhala ngati mwana wawo woyamba: kuchipaka laimu, kuchizulira udzu, kuthamangitsa mbuzi zikafuna kudzikanda pamenepo. Ukawafunsa kuti kutchalitchi n'kutali bwanji, sankanena kuti ndi pafupi ngati anthu ena, ankakuuza mapazi ake, n'kuwonjezera kuti amenewo ndi mapazi a munthu wamkulu, iwe uwonjezere. Mawu awo anali amodzi: "Ine sindiganizira, ndimayeza." Ndipo bodza ankadana nalo moti mlendo akawafunsa kuti mwadzuka bwanji, ankamuuza zoona, kuyambira bondo mpaka m'mimba.

Tsopano pali chinthu china chimene anthu a kumtunda simuchidziwa. Kwathu mwezi wa Okutobala m'nyumba simugonedwa. Khoma limatentha ngati chiwaya, mphasa imakuwotcha kumsana, ukatembenuka thukuta limachita kulira. Ndiye chiyambire makolo athu, kukayamba kutentha mudzi wonse umanyamula mphasa kukagona pansi pa mtengo waukulu wa bwemba, pamchenga wozizira, pamene pamadutsa kamphepo kochokera kudambo. Azimayi ndi ana mbali iyi, azibambo mbali iyo. Mtengo wa bwembawo uli kuseri kwa chipilala. Palibe ankaziganizira zimenezo. Anthu a tsidya ilo ndi abale athu omwe, nyumba zawo zili kutali, bwemba timatola limodzi.

Vuto lalikulu la mudzi wathu linali madzi. Agogo aakazi, a Rozina, ankapita kudambo katatu pa tsiku, ndowa pamutu, ndipo khosi lawo linafika polira ngati chitseko akamatembenuka. Madzulo ankakhala pa mtondo n'kumati, "Tobi, tabwera undiponde pamapewapa," ine n'kumawasisita ndi timanja tanga, ndili ndi zaka naini. Ndiye mutha kuona chimwemwe chake titamva kuti bungwe lina likukumba mijigo m'dera lathu. Koma linali ndi lamulo: mudzi ukhale ndi anthu osachepera fifite.

Fifite! Ife tikawerengana tinkathera pa fote sikisi.

Agogo a Rozina anaimanga nkhaniyo m'chiuno ngati chitenje. Anatumiza uthenga kudimba kuti amalume ndi akazi awo abwerere, mbatata zidikire. Anakatenga mlamu wawo wina amene ananyanyala n'kukakhala ku Marka. Mwamwayi mpongozi wa nyumba yachitatu anali atangochira kumene, kamwana ka masabata awiri. Titawerenganso, ndendende fifite. Osaposa, osachepa. Ndiye dzulo lake la tsiku lowerenga, agogo aakazi anawaimirira amuna awo pamaso.

"A Zuze, mawa kukubwera mlendo. Inu ntchito yanu ndi kumupatsa mpando. Pakamwa mutseke."

"Akandifunsa?"

"Mutsokomole."

Mlendoyo anafika pa kabaza cha m'ma naini, mtsikana wa ku Blantyre dzina lake a Tadala, ambulera kumanja, mafomu kumanzere, nkhope yonse thukuta. Zinkachita kuoneka kuti ntchito angoiyamba kumene, chifukwa chilichonse ankawerenga papepala, ngakhale moni. Mudzi wonse tinasonkhana pabwalo titasamba ngati Lamulungu. Agogo a Zuze anapereka mpando bwinobwino n'kukhala pambali, milomo ataimana.

A Tadala anatsegula fomu. "Funso loyamba. Ndi anthu angati amene anagona m'nyumba muno usiku wathawu?"

Agogo aakazi anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma kunamveka agogo a Zuze akuseka kumbali.

"M'nyumba? Mwana wanga, ndi kutentha kumeneku? Mukufuna tipse?"

"Matamani, imwe!" anatero agogo a Rozina, kuwauza kuti akhale chete. Akayamba Chisena, dziwani kuti zinthu zavuta.

Koma a Tadala anali atatembenuka kale. "Ndiye munagona kuti, agogo?"

Agogo anatsokomola. Zoona, anayesetsa, anatsokomola kawiri. Koma mtsikanayo anangodikira kuti amalize, n'kufunsanso. Ndiye agogo analoza ndi ndodo. "Uko, pansi pa bwemba."

"Chabwino, palibe vuto. Bola ndi m'mudzi momwemuno."

Apa ndiye pamene panathera zonse. A Tadala akanangonena mawu ena aliwonse! Ine ndinaona nkhope ya agogo ikusintha ngati munthu woti wamva nyimbo ya kwawo. Anaimirira, kukonza kolala.

"Ayi, pamenepo ndiye mwalakwitsa pang'ono. Uko si m'mudzi muno. Uko ndi ku Mozambique. Tabwerani ndikuonetseni."

Inu! Anthu fote naini tinangoti kukamwa yasa, kuonerera agogo akumutsogolera mlendo kuchipilala, akumuonetsa manambala olembedwa pasimenti, akumulozera chipilala chinzake chimene chimaoneka patali paphiri, akufotokoza mmene mzere umadutsira. Zaka zonsezi palibe anawafunsapo za chipilala chawo, lero apeza munthu wa sukulu, wa cholembera. Ankachita kuwala.

A Tadala anabwerera atagwira fomu ndi manja awiri. "Pepani, apa alemba kuti ndiwerenge okhawo amene anagona m'mudzi uno, m'dziko la Malawi. Alipo amene anagona mbali ino?"

Kenako dzanja limodzi linakwera pang'onopang'ono. A Jofesi, aneba athu, amene dzulo lake anachokera kokamwa kachasu n'kugwera pakhomo pawo, kulephera kufika pa bwemba.

"Ndiye kuti mudzi uno uli ndi munthu mmodzi," anatero a Tadala.

"Ndi ine," anatero a Jofesi, akudzigunda pachifuwa. "Mjigowo mukumbe pakhomo panga."

Kunabuka phokoso loti mbuzi zinathawa. Azimayi kulankhula onse nthawi imodzi, kamwana ka masabata awiri kulira, amalume kufunsa kuti ndiye mbatata zanga ndazisiyira chiyani. Mtsikana uja anachita mantha, anakwera pachulu kukasaka netiweki, n'kuimbira abwana ake. Atatsika anati, "Akuti ndibwerenso mawa m'mamawa, anthu musanadzuke, ndidzaone ndekha. Amene ndidzamupeze ku Malawi ndidzamulemba. Mawa ndi tsiku lomaliza, galimoto ikubwerera."

Atangochoka, a Jofesi anabwera ndi khasu. "Nkhani yaing'ono iyi. Tizule chipilalachi, tikachidzale kuseri kwa bwemba, mawa tibwezeretsa."

Agogo anathamanga, munthu wa bondo lovuta, n'kukakhala pamwamba pa chipilala. "Muyambe mwazula ine."

"Ndiye tigone m'nyumba," wina anatero.

"Ndi khanda limeneli?" anayankha mpongozi uja. "Mukufuna mawa atipeze fote naini?"

Pabwalo la pakati pa nyumba naponso sipogoneka, mphepo sifika, nthaka yake yolimba imasunga moto wa tsiku lonse, kuwonjezera fungo la makola. Aliyense ankadziwa kuti ngakhale titayamba kugona pamenepo, anthu azidzuka mmodzimmodzi kuthawira ku bwemba.

Agogo a Rozina sanakalipe ayi. Chimenecho ndiye chinandiopsa. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi ndowa ndi nkhata, anaziika pansi patsogolo pa chipilala pamene amuna awo anakhala.

"A Zuze, poti inu mumayeza, pali mtunda umodzi umene simunayezepo. Kuchoka pano kukafika kudambo. Pobwera muyeze madzi ali pamutu."

Kwathu mwamuna wamkulu kusenza ndowa pamutu, anthu akuona, ndi nkhani yoti imakafika mpaka ku Marka. Koma agogo anayang'ana ndowayo, anayang'ana akazi awo, anatsika. Ine anandiuza kuti ndiwaperekeze, ndizikayang'ana ng'ona iwo akamatunga.

Popita zinali bwino, ankawerenga mokweza, ndodo ikugunda pansi, dzuwa lili paliwombo, nyenje zikulira m'mitengo ngati mawaya. Pobwera ndiye kunali ntchito. Ndowa inkavina, madzi kutsikira m'khosi, m'maso, malaya onse chonyowa, mitsempha ya m'khosi itaima ngati zingwe. Kuwerenga kuja kunayamba kutsika, kenako kunangosanduka kupuma. Titafika pa mtengo wa masawu ndinafunsa, "Agogo, tafika pa angati?"

Anaima.

"Ndasokoneza," anatero. Chibadwire ndinali ndisanawamvepo akunena mawu amenewo. Kenako anafunsa, "Agogo ako amapita kangati pa tsiku?"

"Katatu."

Tinafika kunyumba ndi madzi osakwana theka, ana akutiimbira m'manja, a Jofesi akufunsa ngati awabwereke chitenje. Agogo anatula ndowa pamapazi pa akazi awo n'kukatenga chingwe chawo chachitali ndi chitini cha laimu.

Anamanga chingwe pachipilala, anatsinzina diso limodzi kuyang'ana chipilala cha paphiri chija, n'kundiuza kuti ndikoke. "Kumanzere. Wapyola. Bwerera pang'ono. Ima pomwepo, usapume." Kenako anathira laimu motsatira chingwecho, mzere woyera wowongoka ngati wa pabwalo la mpira. Ndiye taonani: mzerewo unadutsa m'mphepete mwenimweni mwa mchenga uja, pamene nthambi za bwemba zimathera. Kamphepo kankafika ndithu.

Anaitana mudzi wonse. "Ndikufunseni. Munthu akagona, chimatseka n'chiyani?"

"Maso," tinayankha.

"Mkonono umatulukira kuti?"

"M'mphuno."

"Maloto amabwera m'miyendo?"

"Ayi!"

"Ndiye kuti tulo tili kumutu. Lero aliyense mutu mbali ino, ku Malawi. Miyendo iponyeni ku Mozambique pamchenga wozizira. Palibe amene anama, palibe amene apse."

Anthu anayang'anana. Agogo a Rozina anapukusa mutu, khosi n'kulira, koma ndinaona kuti akubisa kumwetulira. Dzuwa likulowa tinayala mphasa mndandanda umodzi, azimayi kuyambira kuchipilala, azibambo kumapeto, agogo akuyendera ndi ndodo ngati woyang'anira mayeso. "A Jofesi, khutu lanu latuluka m'dziko. Bwezani."

Tsopano ndiulule chinthu chimodzi cha ine. Ndili mwana ndinkagona ngati tayala. Amayi ankandigoneka apa, m'mawa kukandipeza uko. Tsiku limenelo anandiika pakati pa iwo ndi azakhali, anandipanikiza ngati nsomba m'dengu, n'kundiuza kuti ndikangosuntha andimenya.

Chimene chinandidzutsa ndi mawu a munthu akuwerenga. "Fote seveni. Fote eyiti. Fote naini." Kuwerenga kunathera pomwepo. Ndinatsegula maso, kunja kukungoyera kumene, ndipo chimene ndinaona koyamba ndi muzu wa bwemba, nditaukumbatira ngati pilo. Nditadzutsa mutu, mudzi wonse unali uko, kutsidya kwa mzere, mitu fote naini itatembenukira kwa ine. Ine ndekha, thupi lonse, mutu, miyendo, kabudula, ndili mkati mwa Mozambique.

Amayi anagwira pakamwa. A Jofesi anayesa kupulumutsa zinthu. "Ameneyo anangodzuka kukataya madzi, achemwali. Wagona kuno usiku wonse, ine mboni."

A Tadala anayang'ana mchenga. Njira imene ndinagubuduzika inkaoneka bwinobwino, ngati padutsa thumba la chimanga. Anapumira m'mwamba.

"Ine ndifunsa agogo," anatero. "Dzulo ndaona kuti iwo sanama. Agogo, mwanayu wagona dziko liti?"

Ndikukuuzani, ngakhale atambala anasiya kulira. Agogo a Zuze anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana ine. Anayang'ana mzere wawo, wowongoka, wokongola, umene anauyeza ndi diso limodzi. Kenako anayang'ana agogo a Rozina, amene anali atakhala pamphasa, dzanja lili pakhosi monga mwa masiku onse m'mawa, osawayang'ana n'komwe, ngati munthu woti yankho akulidziwa kale ndipo akungoganiza zokatenga ndowa.

Agogo anayenda kukatenga chitini cha laimu.

"Mwanayu wagona ku Malawi," anatero. "Wolakwa ndi mzerewu. Dzulo ndinayeza molakwika."

Anayamba kuthira laimu kuchokera pamzere uja, kukhota, kulowa pansi pa mtengo, kuzungulira kumbuyo kwanga, kudutsa pa muzu, n'kubwereranso. Malire a dziko anatuluka chimimba ngati nsato yomeza mwana wa mbuzi, ine ndili m'kati mwa chimimbacho, ndikuphethira.

A Tadala anayang'ana chimimbacho nthawi yaitali. Analuma cholembera. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, anabisa nkhope kuseri kwa fomu, ndipo atatulukira maso anali ndi misozi ya kuseka.

"Poti oyeza malo anena okha," anatero. "Fifite."

Nthungululu zake zinamveka mpaka kudambo. Amayi anandimenyabe, koma pang'ono.

Masana a tsiku lomwelo, anthu atabalalika, agogo anandiitana n'kundipatsa tsache. Tinasesa chimimba chija mpaka laimu yense kutha, iwo akuyang'anitsitsa kuti pasatsale kadontho. Titamaliza anavula chipewa, anayang'ana kumwera kumene kunalibe munthu aliyense, tchire lokhalokha, n'kuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta. Tabweza malo anu." Kenako anandigwira khutu.

"Iwe Tobi, ukafunsidwa, agogo ako analakwitsa kuyeza. Wamva? Abungwe aja akadzamva zina, adzabwera kudzazula mjigo."

Mjigo anadzakumba mvula itatha, pakati pa nyumba yathu ndi ya a Jofesi. Madzi ake ndi amchere pang'ono, tiyi wake amafuna shuga wambiri, koma agogo a Rozina anasiya kupita kudambo. Agogo aamuna okha ndi amene anapeza mavuto. Kuyambira tsiku limenelo, akangonena mtunda wa chinthu chilichonse, wina ankayankha kuti, "Koma mwayeza bwino, a Zuze? Paja inu dzanja limakhota." Ana omwe ankawaseka. Munthu amene ankakangana ndi aliyense pa nkhani ya phazi limodzi, ankangoti, "Ee, ukalamba," n'kumayang'ana kumbali. Zaka zonse mpaka kumwalira kwawo, sanadziteteze ngakhale kamodzi. Ana obadwa pambuyo pake anakula akudziwa kuti a Zuze anali mkulu uja amene analephera kujambula mzere.

Zimenezo ndiye zimandiwawa mpaka lero. Ine ndinalonjeza, ndipo ndasunga pakamwa zaka zonsezi, munthu woti anzanga amati ndikayamba kulankhula batire ya foni imatha nkhani isanathe. Koma agogo anapita, agogo aakazi anawatsatira, ndipo mjigo uja wakalamba moti amene angafune kudzauzula abwere ndi sipanala zake, atithandize kukonza. Ndiye ndikulemba pano ndi chala changa chomwechi kuti aliyense wa Pachipilala awerenge, ndi a ku Marka omwe. Chingwe chija ndinakoka ndine. Mzere unali wowongoka. Agogo anga sanalakwitse ngakhale kachala kamodzi.

Ine ndinagona ku Mozambique.